Felemu ya Bambo Anga

Pakhoma la pabalaza pathu panali felemu yopanda kanthu. Mlendo aliyense akalowa, asanakhale n'komwe pansi, maso ankathamangira pomwepo, kenako n'kufunsa ngati chithunzi chinagwa. Ayi, sichinagwe. Felemuyo anakhoma ndi bambo anga, amene anali kalipentala, chaka chimene ndinakhoza mapepala oyamba a mayeso a ukauntanti. Anasankha thabwa labwino, analipala mpaka kusalala, anaika galasi, n'kuipachika okha pamsomali. Anati mmenemo mudzalowa setifiketi yanga basi, china ayi.

Mkazi wanga anayesapo kuikamo chithunzi cha ukwati wathu. Bambo anachichotsa tsiku lomwelo.

"Apongozi, ukwati munakhoza kale," anatero. "Malo awa ali ndi mwini wake."

Kwa inu amene simudziwa, kuti munthu akhale tchatadi, ndiye kuti akauntanti wovomerezeka woti n'kusayinira mabuku a kampani, amalemba mapepala ambirimbiri, kukwera limodzilimodzi ngati makwerero. Ine ndinakwera onse, kutsala limodzi lomaliza. Limodzi lokha! Ndinalemba, ndinagwa. Ndinalembanso, ndinagwa. Musandifunse kuti kangati, chifukwa ngakhale oyang'anira mayeso anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo wa kuntchito. Mayi wina wa magalasi anafika pondifunsa kuti, "Kunyumba ali bwanji?" Ndinangotsala pang'ono kumuponyera kalikuleta.

Anthu opepesa nawonso anandikwana. Aliyense amabwera ndi mawu omwewo, akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhonoyo ndinaidikira mpaka imvi zinatuluka m'mutu, maso ake osawaona.

Tsono bungwe la mayesowo lili ndi lamulo lina limene ine ndimaliona ngati nkhanza. Mapepala akuluakulu amene unakhoza ali ndi zaka zake. Zakazo zikatha usanamalize onse, amafufutidwa, uyambirenso ngati sunalembepo. Anga anali atatsala pang'ono kuola. Mayeso amene ankabwerawo anali mwayi wanga womaliza, ndipo ndinkadziwa bwino kuti ndikagwanso sindidzayambiranso. Mphamvu zimenezo ndinalibe. Felemu ija ikanakhala choncho mpaka kalekale, bambo akuiyang'ana m'mawa uliwonse.

Ku ofesi amanditcha Mlenje. Mabuku a kampani akakana kubalansa, mbali iyi ikunena zina mbali iyo zina, amaitana ine. Ndimakhala pansi, kuvula jekete, n'kuyamba kulondola mzere ndi mzere mpaka nditapeza pamene pathawira chiwerengerocho. Sindidya, sindiyankha foni. Ndikachipeza ndimamva kukoma kumene sindingakufotokozereni. Ntchito ndimaidziwa, zimenezo palibe angatsutse.

Koma bwana wanga ndi mtsikana amene ndinamulandira ndekha tsiku lake loyamba, asakudziwa ngakhale kuyatsa makina a fotokope. Anakhoza mapepala onse osagwa ndi kamodzi komwe, n'kundidutsa ndikuona. Mumtima ndinkamutcha Kabwana. Ndinkamuchitira nsanje, ndisaname, nsanje yeniyeni.

Tsiku lina anaima pa desiki yanga.

"A Mlenje, mawa mudzabwere ndi mapepala amene mumayeserera kunyumba aja, ndidzawaoneko."

"Mudzaone chiyani?"

"Ndingoona basi."

Ndinafuna kukana, koma womira amagwira ngakhale udzu. M'mawa mwake ndinawaika patebulo pake, ine n'kuima ngati mwana wasukulu woyembekezera chikwapu. Anavundukula pang'onopang'ono.

"Funso loyambali, ngakhale amene analemba buku sangayankhe chonchi," anatero. "Lachiwiri lili bwino. Lachitatu mwangolinunkhiza. Nanga lachinayi lili kuti?"

"Nthawi inatha."

Anatenga pepala lina. "Nanga apa?"

"Inathanso."

"Ku mayeso enieni kumakhalanso chonchi?"

Kunkakhaladi choncho. Funso loyamba la pepala limeneli limakhala lophatikiza mabuku a makampani angapo kuti akhale amodzi. Pamapeto mbali ziwiri zimayenera kufanana. Zanga nthawi zambiri zinkasiyana pang'ono, ndiye ndinkabwerera kukasaka. Mlenje sasiya nyama yovulala.

"Amadala," anatero Kabwana, mawu atatsitsa, "kubalansako ku mayeso kuli ndi malikisi ochepa kwambiri. Amakupatsani malikisi panjira imene mwayenda, ngakhale musafike. Inu mumathera theka la nthawi kusaka kanthu kakang'ono, funso lathunthu n'kulisiya loyera. Vuto lanu si kusadziwa ayi. Simudziwa kusiya."

Ndinamuyankha mokalipa.

"Akauntanti wosiya mabuku osabalansa ndi waulesi, apo ayi ndi mbava. Ndinakuphunzitsani ndine zimenezo."

"Munandiphunzitsadi, ndipo mu ofesi muno ndimazitsata. Koma polowa m'chipinda cha mayeso ndinkazisiya pakhomo pamodzi ndi chikwama."

Ndinatola mapepala anga n'kutuluka osatsanzika. Tsiku lonse sindinamuyankhule. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero, koma sanena kuti khutulo limawawa masiku angati.

Kunyumba ndinalakwitsa n'kufotokozera mkazi wanga. Iye ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, ndipo kuyang'anira mayeso ndi ntchito yake chaka ndi chaka. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Zaka zonsezi vuto linali limeneli? Bwenzi mutanena kale, bambo a mwana. Loweruka tiyamba."

Anayambadi. Loweruka lililonse masana ankachotsa nsalu patebulo lodyera, kundikhazika pamenepo, n'kutchera alamu pafoni yake. Funso lililonse nthawi yake. Alamu ikalira ankabwera ndi mawu ake a m'kalasi aja, "Lekani kulemba!" n'kusolola pepala ndili pakati pa chiwerengero. Ulendo woyamba ndinaligwira mbali inayo, tinakokana, linang'ambika pakati.

Bambo ankaonerera zonsezi ali pampando wawo pansi pa felemu ija. Anali akukhala nafe kuyambira pamene sitiroko inawafooketsa mbali ya kumanja. Mawu ankatuluka molemera, koma kuseka ankaseka bwinobwino, phewa limodzi likugwedezeka.

Choipa chinali chakuti pepala akandilanda, mutu wanga unkatsala komweko. Funso lachiwiri ndikulemba, koma maganizo akusaka chimene chinasiyanitsa mbali ziwiri zija. Lamulungu lina m'mawa mkazi wanga anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuvundula m'bini, kufuna pepala la dzulo lake. Kuyambira pamenepo ankawaponya pambaula ine ndikuona. Tsiku limenelo ndinapsa mtima kwambiri.

"Iwe uli ndi setifiketi yanji yoti uzindilamula pa zinthu izi? Ntchito yako ndi yopukuta ana mamina!"

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ana a maminawo ndikawauza kuti lekani kulemba amaleka," anatero. "N'chifukwa chake chaka chikatha amapita kalasi ina."

Analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Bambo sanaseke. Anandikodola ndi dzanja lawo labwino lija, nditayandikira anandikoka khutu ngati kale ndili mwana. Ndinachita manyazi, ndinakapepesa. Loweruka lotsatira alamu italira ndinaika cholembera pansi ndekha.

Koma khalidwe limeneli sindinalitole panjira. Ndinalitengera kwa bambo omwewo. Kale akamapala thabwa ankayendetsa chikhatho pamwamba pake maso atatseka, akapeza pokhakhala ankayambiranso, mwini mpando akudikira panja mpaka kutopa. Chidwalireni, ndevu ndinkawameta ndine m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito. Munthu wina ankamukana. Kalipentala sakhulupirira dzanja la wina pa chinthu chakuthwa. Ndikamaliza ankayendetsa chikhatho kumaso monga pathabwa paja, n'kuloza, "Apa. Apanso." Ndinkabwerezamo mpaka atagwedeza mutu. Kangapo konse ndinachedwa kuntchito chifukwa cha kachibwano kawo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Kutatsala masiku ochepa kuti ndilembe, bambo anagwa akuchokera kubafa. Inali sitiroko yachiwiri. Anawagoneka m'chipatala, muwodi ya amuna, bedi la pafupi ndi zenera. Nkhope inali itapendekera mbali imodzi, mawu akutuluka amodziamodzi. Adokotala anati tidikire tione, ndipo anthu amenewa akatero mumadziwa kuti nawonso sakudziwa.

Ndinauza mkazi wanga kuti mayeso sindilemba.

"Mulemba," anatero.

"Bambo ali chonchi?"

"Mukapanda kulemba, mapepala onse aja apita. Ndiye akatuluka muno mukawauza chiyani pansi pa felemu paja? Ine ndipempha kusukulu, ndikhala nawo. Ndi m'mawa umodzi wokha."

Tsiku la mayeso tinafika kuchipatala dzuwa litangotuluka. Ndinali nditavala kale malaya oyera, zolembera ndi kalikuleta zili m'kathumba koonekera mkati. Bambo anali maso. Atandiona anakweza dzanja n'kukanda chibwano. Ndevu zinali zitamera masiku angapo, zoyera, zolimba ngati burashi.

"Tidzameta ndikabwerako, bambo."

Anakandanso, maso ali pa ine.

Mkazi wanga anayang'ana foni. "Nthawi ilipo pang'ono. Koma ikalira, mukupita."

Ndinakatunga madzi m'kabeseni. Anali ozizira, sopo sankachita thovu bwino. Ndinayamba mbali ya kumanzere, yabwino ija. Lezala linali lobuntha, khungu lawo litafewa, ndiye ndinayenera kulikoka ndi zala kuti ndisawacheke. Ndinapita pang'onopang'ono, kuyambira pakhutu kutsika mpaka pachibwano. Bambo anatseka maso. Wodwala wa bedi loyandikana anati nayenso akufuna, ndimuuze mtengo, anthu m'wodimo n'kuseka. Mbali imeneyo nditamaliza ndinapaka sopo tsaya linalo, lakugwa lija.

Alamu inalira.

"Ndingomaliza mbali iyi."

"Ayi."

"Pang'ono pokha, mayi a mwana. Taona mmene akuonekera."

"Pamsewu magalimoto achuluka kale, ndipo mukachedwa kuholo ya mayeso sakulowetsani. Mukudziwa zimenezo kuposa ine." Anabwera n'kugwira dzanja langa, kuchotsa lezala m'zala zanga monga ankachotsera mapepala aja. Sananene mawu ake a m'kalasi. Anangoti, "Pitani."

Ndinayang'ana bambo. Tsaya limodzi losalala, linalo loyera ndi sopo. Anatsegula maso, milomo inagwedera nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Ubwere... umalize."

"Ndibwera, bambo. Masana ano."

Ndinatuluka m'wodimo manja akununkha sopo.

Kuholo kunali monga kale. Madesiki m'mizere, wotchi yaikulu kutsogolo, zikwama ndi mafoni ozimitsa zitaunjikidwa pakhomo. Mayi wa magalasi uja anandigwedezera mutu, ine n'kuyang'ana kumbali. Ana amene ndinakhala nawo pafupi ena anali a msinkhu woti n'kukhala anga.

Funso loyamba linali lomwe lija, makampani atatu oti aphatikizidwe. Ndinalemba bwino, dzanja likuyenda lokha. Nditafika pansi ndinawonkhetsa mbali iyi, ndinawonkhetsa mbali iyo. Sizinafanane. Kusiyana kwake kunali kochepa, ndipo mtundu wa chiwerengerocho unandiuza kuti ndasokoneza penapake pafupi, mwina pa katundu amene makampaniwo anagulitsana okhaokha. Ndinkachimva fungo. Ndikanangobwerera tsamba limodzi.

Ndinayang'ana wotchi. Nthawi ya funso loyamba inali itatha.

Abale inu, palibe amene anabwera kudzandilanda pepala. Ndinali ndekha. Chala chinali chitagwira kale tsamba la m'mbuyo. Mumtima ndinkanena mawu omwe aja, pang'ono pokha, pang'ono pokha. Kenako ndinamva fungo la sopo padzanja langa. Ndinadzifunsa kuti ngati ndasiya bambo anga ndi nkhope ya theka kuti ndifike pano, ndiye chiwerengero ichi n'chiyani kuti ndisachisiye? Ndinajambula mzere pansi pake n'kutsegula funso lachiwiri. Ndinkamva ngati ndaba.

Ndinalemba lachiwiri, ndinalisiya lisanakome. Lachitatu chimodzimodzi. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawerenga funso lachinayi ndili ndi nthawi yoliyankha, ndipo linali funso losavuta, zinthu zimene ndimachita ku ofesi sabata iliyonse. Ndinafuna kulira poganiza kuti mwina zaka zonsezi linkakhala losavuta chonchi, likungondidikira kutsamba lomaliza. Atanena kuti tileke kulemba ndinali nditaika kale cholembera pansi.

Panja ndinayatsa foni ndikumwetulira. Ndinkafuna kuuza mkazi wanga kuti wophunzira wake wamvera. Foni inayamba kunjenjemera m'manja, mauthenga osonyeza kuti anandiimbira kambirimbiri. Uthenga wolemba unali umodzi wokha: "Bwerani kuno molunjika."

Sindikumbuka mmene ndinayendera. Ndikukumbuka kuti bedi la pazenera linali litazunguliridwa ndi makatani obiriwira, ndipo wodwala wanthabwala uja atandiona anatembenukira kukhoma. Mkazi wanga anali atakhala pampando mkati mwa makataniwo, maso ofiira. Anati bambo anatisiya chapakati pa m'mawa, mwakachetechete, iye atawagwira dzanja.

Ndinavundukula nsalu. Sopo anali atamupukuta, koma ndevu zinali momwe ndinazisiyira, mbali imodzi yosalala, inayo yoyera.

"Ndinafuna kumaliza kuwameta," anatero mkazi wanga, mawu akuduka. "Anakana. Anatembenuza nkhope. Amati mubwera."

Ndinkafuna munthu womukalipira. Ndinamuyang'ana iye, foni ili pamiyendo pake, mawu oipa anafika pakamwa penipeni. Koma nkhope yake inandiuza kuti mawu amenewo wadziuza kale yekha m'mawa wonse. Ndinawameza, ndipo mpaka lero ndimathokoza kuti ndinawameza.

Nesi anabwera ndi anyamata awiri a machira. Ndinamupempha kuti adikire.

"Bambo, bedili likufunika."

"Ndapota nanu, amayi. Ndinawalonjeza."

Anayang'ana nkhope ya bambo, anayang'ana ine, n'kuwauza anyamata aja kuti abwerenso. Ndinakatunga madzi m'kabeseni komwe kaja. Ulendo uno ndinapempha otentha, ngakhale ndinkadziwa kuti sakuwamva. Ndinapaka sopo, ndinakoka khungu ndi zala, ndinameta kuyambira pakhutu mpaka pachibwano, pansi pa mphuno, pakhosi. Mkazi wanga anazimitsa foni yake n'kuiika m'chikwama. Nditamaliza ndinayendetsa chikhatho changa kumaso kwawo maso nditatseka. Pansi pa chibwano panali pokhakhala. Ndinabwerezamo.

Zotsatira zinatuluka patapita miyezi iwiri, ndili ku ofesi. Ndinakhoza. Osati bwino kwambiri, koma ndinakhoza. Kabwana anafuula mpaka anthu a ofesi yoyandikana anabwera kudzaona, anandikumbatira, ine n'kungoima ngati mtengo. Kenako ndinamuuza kuti zikomo, ndipo dzina lija ndinasiya kumutcha ngakhale mumtima. Madzulo ake anagula keke. Wina anati ndiyankhule kwa achinyamata amene akulemba mayeso, ndiwauze za kupirira. Ndinati tsiku lina. Ndikanawauza chiyani? Kuti aphunzire kusiya? Ndinaphunziradi, ndipo zinathandiza. Koma palibe anandiuza kuti tsiku limene ndidzayambe kusiya zinthu zosamaliza, choyamba kusiya adzakhala bambo anga. Ena amati ndinachita bwino, ndi zimene iwo ankafuna. Mwina. Ine ndimangodziwa kuti anadikira.

Setifiketi inafika mu envulopu yolimba. Loweruka masana ndinatsitsa felemu ija, ndinapukuta galasi, ndinachotsa timisomali ta kumbuyo timene bambo anakhoma zaka zonse zija. Nditaika setifiketi, sinakwane. Bambo anali asanaonepo setifiketi ya mtundu umenewu, anangoyerekeza kukula kwake, ndipo anaiganizira zazikulu. Pepala linachepa. Ndikalikankhira kumanzere, kumanja kunkatsala mpata waukulu, thabwa la kumbuyo likuonekera. Ndikaliika pakati linkatsetsereka n'kupendekera mbali imodzi.

Mkazi wanga anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Pali kalipentala kumsika uko, akhoza kuichepetsa. Kapena tiike pepala lakuda kumbuyoku kuti mbali zifanane."

Ndinabwezera timisomali tija m'mabowo mwake. Ndinakwera pampando wa bambo n'kuipachika pamsomali womwe uja, setifiketi itatsamira kumanzere, kumanja kuli mpata.

"Yapendekeratu, bambo a mwana."

"Ndaona," ndinatero. "Isiye choncho."